Kanati kokhala m'thabwa: kukazindikira ndi komwe tingakapeze

Mvula ikayandikira, ambirife timaphwasula mathandala oyanikapo usipa kuti tisunge matabwa, ena timachotsa matabwa a m'mbali mwa ngolo. Vuto lake tikulidziwa tonse. Sikuluwu ukaimasula n'kuimanganso kawiri katatu pabowo lomwelo, thabwa limadyeka ndipo imangozungulira osagwira. Misomali ndiye imachita kung'amba. Nanga matabwa mmene adulira masiku anomu, ndani angamagule chaka ndi chaka?

Pali kachitsulo kothandiza pamenepa, komwe papaketi amalemba kuti threaded insert. Ndi kanati kobooka pakati, kokhala ndi mazinga mbali ziwiri: kunja akuluakulu akuthwa oluma thabwa, mkati ang'onoang'ono olandira bauti. Kakalowa kamakhala momwemo, ndiye bauti imazungulira pachitsulo, osati pamtengo. Kalinso ndi m'bale wake wotchedwa T-nut, wa mutu wophwatalala ndi timano tokhomera ndi hamala. Ameneyu timamukhoma kuseli kwa thabwa, kuti bauti ikamakoka azikanirira. Mukamukhoma kumaso, amazuka.

Pomwe ambiri timataya ndalama ndi pa mazinga a mkatiwo. Abale, osayeza ndi maso. M6 ndi bauti ya mamilimita 6, mutu wake nthawi zambiri umamangidwa ndi sipanala 10. M8 ndi ya mamilimita 8, sipanala 13. Koma palinso mabauti oyezedwa m'mainchi, ofala pa katundu wa ku America. Ya kota inchi ndi mamilimita 6.35, ndipo ukaiona imangofanana ndi M6, chonsecho ili ndi mazinga 20 pa inchi pomwe M6 ili nawo pafupifupi 25. Imalowa pang'ono n'kuima. Wina amati yangolimba, n'kutenga sipanala, basi mazinga aphwanyika. Ndiye popita kogula tengani bauti yanu m'thumba, muiyese ndi zala pomwepo. Ikalowa yonse osakakamiza, ndi yomweyo.

Funsaninso za chitsulo chake, makamaka ife a kunyanja. Maginito amathandiza: akakagwira mwamphamvu ndi chitsulo wamba, chomwe chimachita dzimbiri pachinyezi. Kachikasu kosagwira maginito ndi ka mkuwa, sikachita dzimbiri koma n'kofewa. Kotuwa kotchipa ka zinki n'koyenera mipando ya m'nyumba, ndipo m'thabwa lolimba ngati mlombwa kamatha kusweka polowetsa. Panja ife timakonda stainless. Mabauti ake amalembedwa A2 kapena A4 pamutu, ndipo poti madzi a nyanja ya Malawi si amchere, A2 ikukwanira.

Kupeza kwake si kophweka. M'mahadiweya a pa trading center simungadalire. Yesani masitolo ogulitsa mabauti ndi manati ku Limbe, Blantyre kapena Lilongwe, ndipo muonetse chithunzi pafoni, chifukwa dzinalo ogulitsa ena salidziwa. Osapeputsanso sofa kapena bedi lakutha: pomwe pamamangidwa miyendo pamakhala ma T-nut, kawirikawiri a M8. Amene muli ndi achibale ku Joni, potuma nenani zitatu: saizi ya bauti, kutalika kwa kanatiko ndi mtundu wa chitsulo. Kasatalike kuposa kuchindikala kwa thabwa lanu.

Polowetsa, yambani mwayesa bowo pa chidutswa cha thabwa lomwelo. Likachepa thabwa ling'aluka, likakula sikagwira. Pakani kandulo pa mazinga akunja, mangani manati awiri pa bauti, muike kanatiko kunsonga, n'kumazunguliza ndi sipanala pang'onopang'ono kuti kalowe choongoka. Kumapeto kwa thabwa, komwe kudadulidwa ndi sowo, sikagwira bwino.

Pa boti, makamaka thabwa lonyamula injini, ndi pa ekiselo ya ngolo, ife sitingakuuzeni kuti mukadalire ayi. Pamenepo boolani mpaka kuseli, muike bauti yodutsa, washala wamkulu ndi nati.