Onjezani Maola 2 pa Nthawi ya UTC

Inu alimi mudziwa kuti dzuwa likamatuluka kuno, kwina kukali mdima. Chifukwa cha ichi anthu a malonda a Bitcoin, ndalama ija yosagwirika ndi manja imene ikhala pa intaneti, amalengeza zochitika zao pa nthawi imodzi yotchedwa UTC.

Ife kuno ku Malawi tiri patsogolo pa UTC ndi maola 2. Mukaona nthawi yotere, onjezani 2 basi.

Taonani chitsanzo. Pa 20 April 2024, nthawi ya 00:09 UTC, mphotho ya eni makompyuta osunga kaundula wa Bitcoin inadulidwa pakati, kuchoka pa 6.25 kufika pa 3.125. Kuno inali 2:09 usiku, tambala asanalire, koma ku New York kunali kukali pa 19 April, 8:09 madzulo.

Chenjerani ndi mbale wa ku London. Akakuuzani nthawi yotsekera malonda, mfunseni ngati ndi UTC kapena ya pa wotchi yake, pakuti kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa October iwo amasunthira wotchi patsogolo ola limodzi. M'miyezi imeneyo mukaonjeza 2 pa wotchi yake, mudzachedwa ola lathunthu, malonda atatsekedwa kale.