Phiri la Ventoux: Njira Zitatu za Njinga ndi Phunziro la Ludzu

Kum'mwera kwa dziko la France, m'dera lotchedwa Provence, chakufupi ndi nyanja ya Mediterranean, kuli phiri lotchuka kwambiri pakati pa anthu opalasa njinga. Dzina lake ndi Mont Ventoux. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 1,910, ndipo popeza laima palokha pakati pa minda ya mphesa ndi azitona, limaoneka munthu adakali kutali. Chaka ndi chaka anthu zikwizikwi amapita kumeneko kukayesa mphamvu zawo pa njinga. Ambiri amabwerera kwawo ali okondwa, koma ena phirili laŵatengera moyo. Tiyeni tione misewu yake ndi chimene chimachitika m'thupi la munthu woikwera.

Maonekedwe a phirili

Kumunsi kwa phiri kuli nkhalango. Mitengo yakale inadulidwa kwa zaka mazana ambiri, ina yokhomera zombo, ndipo nkhalango ya lero inabzalidwa kuyambira cha m'ma 1860. Kumtunda kulibe mtengo ngakhale umodzi. Kuli miyala yoyera ya laimu yokhayokha, kotero kuti mlendo amayesa kuti phiri lavala chipale chofeŵa ngakhale m'nyengo yotentha. Miyala imeneyi imabweza kuŵala ndi kutentha kwa dzuŵa, ndipo wapanjinga alibe pobisala.

Kulinso mphepo yamkuntho yotchedwa mistral, yochokera kumpoto. Mu 2016 mphepoyi inakula kotero kuti akuluakulu a mpikisano wa Tour de France anathetsera liŵiro la tsikulo pa malo otchedwa Chalet Reynard, makilomita 6 asanafike pamwamba.

Njira zitatu

Njira yoyamba, yomwenso ili yotchuka koposa, imayambira pa mudzi wa Bédoin, kum'mwera. Ndi ya makilomita pafupifupi 21, ndipo wapanjinga amakwera mamita 1,600. Makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi oyamba ndi osavuta, ndipo ndi amene amanyenga anthu ambiri kuti athamange msanga. Pa Saint-Estève msewu umakhota ndi kuloŵa m'nkhalango. Kuyambira pamenepo, pa mamita 100 aliwonse msewu umakwera mamita 9 kapena 10, popanda popumira, kwa makilomita pafupifupi khumi. M'nkhalangomo mpweya suyenda, ndipo thukuta limatuluka ngati madzi. Potuluka m'nkhalango munthu amafika pa Chalet Reynard, ndipo kuchokera apo mpaka pa nsanja ya pamwamba ndi miyala, dzuŵa ndi mphepo basi.

Njira yachiŵiri imayambira ku Malaucène, chakumpoto chakumadzulo. Utali wake ndi wofanana ndi wa njira ya ku Bédoin, koma chikweza chake n'chosinthasintha: pena chimacheperako, pena chimalimba koposa.

Njira yachitatu imachokera ku Sault, kum'maŵa, kumene amalima maluŵa onunkhira a lavender. Ndi ya makilomita 26, koma popeza mudziwo uli kale pamalo okwera, chitunda chake n'chofatsa. Imakumana ndi njira yoyamba pa Chalet Reynard. Imeneyi ndiyo yoyenera munthu wosazoloŵera. Alipo ena olimba mtima amene amakwera njira zonse zitatu tsiku limodzi, ulendo wa makilomita oposa 130.

Imfa ya Tom Simpson

Mpikisano wa Tour de France unadzera pa phirili koyamba mu 1951. Koma tsiku limene anthu saliiŵala ndi la 13 July 1967. Tom Simpson wa ku Britain, mnyamata wa zaka 29 amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1965, anali pakati pa opikisana. Kunja kunatentha koopsa. Iye anali atavutika ndi m'mimba masiku angapo m'mbuyomo, kotero thupi lake linali litataya kale madzi. Malamulo a nthaŵi imeneyo sanali kulola opikisana kulandira madzi ochuluka panjira. Pamwamba pa izi, Simpson anamwako moŵa waukali wa brandy, ndiponso anali atameza mapiritsi oletsa kutopa otchedwa amphetamine.

Atatsala pang'ono kufika pamwamba, anayamba kudzandira mumsewu, nagwa. Anamkwezanso pa njinga, napalasa pang'ono, kenaka anagwanso osadzukanso. Dokotala wa mpikisanowo, Pierre Dumas, anayesetsa kumtsitsimutsa, ndipo ndege ya helikopita inamtengera ku chipatala cha ku Avignon, koma moyo unali utachoka.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Minofu ikamagwira ntchito yolimba imatulutsa kutentha, monga injini ya galimoto. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Munthu wokwera chitunda padzuŵa atha kutaya lita imodzi ya madzi kapena kuposerapo pa ola limodzi, pamodzi ndi mchere. Madziwo akapanda kubwezeredwa, magazi amachepa m'mitsempha, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ufikitse magazi ku minofu, ku khungu ndi ku ubongo nthaŵi imodzi. Ukalephera, kutentha kwa thupi kumakwera kupitirira madigiri 40, ndipo ubongo, impso ndi mtima zimayamba kuonongeka.

Kutopa ndi mlonda amene amatichenjeza kuti tiime. Mankhwala onga amphetamine amagoneka mlonda ameneyu, naonjezeranso kutentha kwa thupi. Moŵa nawo umachulukitsa mkodzo, ndipo umasokoneza nzeru kotero kuti munthu sazindikira kuti zinthu zaipa. Simpson anali wamphamvu kuposa ambiri a ife, koma zinthu izi zitakumana, mphamvu zake sizinathe kumpulumutsa.

Ngozi ina ili potsika. Pamwamba pa Ventoux pamazizira ndi madigiri pafupifupi khumi kuposa kumunsi, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta amachita tsembwe, zala n'kuuma osagwira bwino mabuleki. N'chifukwa chake ozoloŵera phirili amanyamula chovala chotchinga mphepo ngakhale m'mwezi wa July.

Phunziro kwa ife

Ambiri a inu mwabwera kuno kuchipatala pa njinga, ena mutanyamula wodwala kumbuyo. Ventoux ali kutali, koma thupi la munthu n'limodzimodzi kulikonse, ndipo dzuŵa la October pa zikweza zathu silichepa ukali. Choncho kumbukirani izi:

1. Nyamukani m'mamaŵa kusanatenthe, ndipo pumulani pamthunzi dzuŵa likafika paliwombo.
2. Tengani madzi aukhondo okwanira. Imwani pang'onopang'ono kaŵirikaŵiri, osadikira kuti ludzu likule. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi.
3. Ngati mwatsegula m'mimba kapena muli ndi malungo, musayambe ulendo wautali. Imwani madzi a ORS ndi kupempha wina akuperekezeni.
4. Musamwe moŵa pa ulendo, ndipo musagule mapiritsi amene ena amati amapatsa mphamvu.
5. Yesani mabuleki musanayambe mtsetse, makamaka mukanyamula katundu.
6. Palibe manyazi kutsika pa njinga ndi kuikankha. Mutu ukayamba kuŵaŵa, kapena mukamva chizungulire ndi nseru, imani pomwepo.

Mukapeza munthu wagwa chifukwa cha kutentha, thupi lili juu, akulankhula zosamveka, mgonekeni pamthunzi, m'masuleni zovala, mthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumkupiza. Ngati ali maso mpatseni madzi akumwa pang'onopang'ono, koma ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa. Mgonekeni chammbali ndipo fulumirani naye kuchipatala. Musamuumirize kupitiriza ulendo.

Pa malo pamene Simpson anagwera, pafupifupi kilomita imodzi kuchokera pamwamba, anaimikapo mwala wa chikumbutso. Mpaka lero apanjinga ambiri amaima pamenepo, ndipo mwa zinthu zimene amasiya pa mwalawo, zochuluka ndi mabotolo a madzi.