Kodi E76.3 ndi chiyani pa pepala la kuchipatala?



Lachisanu lina titangotuluka mu mzikiti, bambo wina wachikulire anatikokera pambali natisonyeza chithunzi cha pepala mu foni yawo. Pepalalo linachokera ku Joni, komwe mwana wawo wamkazi akukhala ndi banja lake. Mdzukulu wawo wa zaka 4 wakhala akudwaladwala, ndipo pansi pa dzina lake dokotala analemba kuti E76.3. Agogowo ankayesa nambala ya bedi. Wina pakhonde paja anati mwina ndi ndalama zoti alipire. Tinawapempha masiku angapo, tinakafunsa aphunzitsi athu a Biology ndi anzathu ogwira ntchito zachipatala, ndipo agogowo atilola kulemba muno zomwe tinapeza, popanda kutchula dzina la munthu.

E76.3 ndi dzina la matenda, lolembedwa m'njira yomwe dokotala wa ku Johannesburg, wa ku Blantyre ndi wa ku Cairo angawerenge mofanana ngakhale samvana chilankhulo. Pali buku lalikulu la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, lotchedwa ICD, lomwe limapatsa matenda aliwonse chilembo ndi nambala. Linayamba ngati mndandanda wa zinthu zomwe zimapha anthu, womwe anakonza Mfalansa wina, Jacques Bertillon, mu 1893. WHO inalitenga mu 1948, ndipo limakonzedwanso pakapita zaka. Lomwe likugwirabe ntchito m'malo ambiri ndi ICD-10, lomwe mayiko anavomereza mu 1990. M'bukuli kolera ndi A00, malungo oopsa aja ndi B50, kuthamanga kwa magazi ndi I10. Chilembo E ndi cha matenda a kadyedwe ndi a momwe thupi limagayira zinthu mkati mwake: shuga ali pa E10 ndi E11, kwashiorkor pa E40. Mukatsika mpaka E76 mupeza banja la matenda a dzina lovuta pa lilime, mucopolysaccharidosis. Madokotala eniake amangofupikitsa kuti MPS, ndipo ifenso titero.

Thupi lathu limapanga shuga wa mtundu wina wolumikizana ngati chingwe chachitali. Si shuga wa mu tiyi ayi, ndipo sachokera ku zomwe mwana wadya. Ntchito yake ndi kulimbitsa ndi kufewetsa mafupa, chichereŵechereŵe, khungu, mitsempha ndi maso. Zingwezi zikakalamba zimayenera kudulidwa kuti zatsopano zilowe m'malo. Mu selo iliyonse muli timatumba totchedwa lysosome, momwe mumachitikira ntchito yodulayi, ndipo odulawo ndi ma enzaimu. Taganizirani tasbih yomwe mukufuna kuimasula mkanda umodziumodzi, koma mkanda uliwonse uli ndi munthu wake woutulutsa, ndipo wachiwiri sangagwire wake woyamba asanamalize. Mmodzi akajomba, onse a pambuyo pake amangoima, tasbih n'kukhala yosamasulidwa. Mwana wa MPS amabadwa enzaimu imodzi ikusowa kapena ili yofooka. Zingwe zija zimangounjikana m'maselo, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake mwanayo amabadwa wooneka bwinobwino, mavuto n'kumabwera pang'onopang'ono. Chimfine chosatha, kuliza mkonono ngati munthu wamkulu, makutu otuluka mafinya mpaka kusamva. Mutu umakula, lilime ndi milomo zimanenepa, nkhope imasintha mpaka mwana kusiya kufanana ndi abale ake. Mimba imatupa chifukwa chiwindi ndi kapamba zakula, mchombo umatuluka kunja. Zala zimapindika osatambasuka, mwana sakwanitsa kukweza manja pamwamba pa mutu, msinkhu umaima, ndipo ena msana umachita linunda. Ena maso amachita chifunga, ena mtima umavuta.

Tisathamange apa. Ana ambiri a mimba yotupa kapena mchombo waukulu kuno ku Zalewa alibe MPS. Kapamba amatupa ndi malungo, msana umapindika ndi TB ya m'mafupa, msinkhu umaima ndi njala, ndipo zimenezi n'zofala kwambiri kuposa matenda tikukambawa. Chomwe chimadzutsa dokotala ndi kuona zizindikiro zambiri pa mwana mmodzi, zikukulirakulira ngakhale walandira mankhwala a malungo ndi a chibayo kangapo. Akatswiri amayerekeza kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 25,000 amabadwa ndi MPS. M'Malawi mumabadwa ana oposa 600,000 pa chaka. Ophunzira a Fomu 1 gawani nokha: ngati chiwerengerocho chili chomwecho kwathu kuno, ndiye kuti ana oposa 20 chaka chilichonse.

Tsopano nambala ya pambuyo pa kadontho. MPS ili ndi mitundu, kutengera enzaimu yomwe ikusowa, ndipo yambiri inatchedwa mayina a madokotala omwe anayamba kuilongosola. Charles Hunter wa ku Winnipeg, m'dziko la Canada, analemba za anyamata awiri apachibale mu 1917. Gertrud Hurler wa ku Munich analemba za ana ena mu 1919, Luis Morquio wa ku Montevideo mu 1929. Mu ICD-10, E76.0 ndi mtundu woyamba, wa Hurler ndi wa Scheie. E76.1 ndi mtundu wachiwiri, wa Hunter. E76.2 anaunjikamo yotsalayo: Sanfilippo, Morquio, Maroteaux-Lamy ndi Sly. Nanga E76.3 ya mdzukulu uja? Imatanthauza kuti ndi MPS ndithu, koma mtundu wake sunatchulidwe. Pamenepa ndi pomwe tinawauza agogo aja kuti ulendo sunathe. Kuyeza mkodzo kumangosonyeza kuti zingwe zija zachuluka. Kuti mtundu udziwike pamafunika kuyeza enzaimu yeniyeniyo m'magazi, kapena kuyeza DNA, ndipo kuyeza kotereku kumachitika m'malabotale ochepa apadera. Zotsatira zikabwera, nambala iyenera kusintha. Ikangokhala E76.3 zaka ndi zaka, makolo ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake.

Wina angati, dzina ndi dzina, mwana akudwalabe. Koma mitunduyi siyenda mofanana. Hurler woopsa ndi Sanfilippo amagwira ubongo, mwana n'kuyamba kuiwala ngakhale mawu omwe ankadziwa. Morquio ndi Maroteaux-Lamy kawirikawiri sakhudza nzeru. Mwana wa Morquio akhoza kukhala wamfupi kuposa onse m'kalasi, woyenda movutika, koma n'kukhala nambala wani pa masamu. Aphunzitsi anzathu, a kusukulu ndi a ku madrasa omwe, tisamuyese mwana nzeru poona thupi lake. Nthawi zina yemwe tamutcha wogona ndi mwana yemwe sakumva bwino, ndipo akungofunika kukhala kutsogolo.

Mtundu umatiuzanso momwe matendawa analowera m'banja, ndipo apa tikupempha makolo amvetsetse. Malangizo opangira enzaimu iliyonse timatengera kwa makolo. Pa Chingerezi amawatcha gene, ndipo ena polemba Chichewa amati majini. Musasokoneze ndi majini omwe timaphunzira ku madrasa, palibe ubale uliwonse. Gene iliyonse timakhala nazo ziwiri, ina ya bambo, ina ya mayi. M'mitundu yonse kupatula wa Hunter, mwana amadwala pokhapokha walandira yowonongeka kuchokera mbali zonse ziwiri. Bambo ndi mayi amakhala athanzi, sadziwa n'komwe kuti anyamula kanthu. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa 4. Tanena kuti mimba iliyonse. Sikuti mmodzi akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka, maere amagwa mwatsopano nthawi zonse.

Anthu apachibale, monga asuweni, amakhala ndi mpata waukulu wonyamula gene yowonongeka yofanana, poti agogo awo ndi amodzi. Ukwati wa pachisuweni ndi wololedwa m'chipembedzo chathu ndipo ndi wakale pa mwambo wathu, sitikuutsutsa muno. Tikungoti banja lomwe munabadwapo kale mwana wotere lingachite bwino kukafunsa kuchipatala achinyamata asanamange nikah, osati pambuyo.

Wa Hunter, E76.1, umayenda mwa njira ina. Umadutsira mwa mayi ndipo umagwira anyamata, atsikana mwa apo ndi apo kwambiri. Mayi wonyamula gene imeneyi, mwana wake wamwamuna aliyense ali ndi mpata wa theka woti adwale, ndipo wamkazi aliyense mpata wa theka woti anyamule. Ndiye dokotala akafunsa ngati malume a mwanayo analipo wina wamfupi yemwe anamwalira ali wamng'ono, sakutola miseche. Koma tikudziwa momwe nkhani yotere imatembenukira kumudzi: mayi amanyozedwa, ena mpaka kusiyidwa ukwati. Palibe mayi yemwe anasankha gene yake, monga palibe yemwe anasankha msinkhu wake. Ndipo palibe mfiti, palibe mdulo, palibe chomwe mayiyo anadya kapena kuponda ali woyembekezera.

Mankhwala alipo, koma tinene zoona zake. Mu 1968 Elizabeth Neufeld ndi anzake ku America anasakaniza maselo a wodwala Hurler ndi a wodwala Hunter m'mbale imodzi, n'kuona kuti onse akonzeka, chifukwa enzaimu yomwe ena analibe anaipeza kwa anzawo. Pamenepo panabadwa nzeru yopatsa wodwala enzaimu kuchokera kunja. Ya mtundu woyamba inavomerezedwa mu 2003, ya Maroteaux-Lamy mu 2005, ya Hunter mu 2006, ya Morquio A mu 2014. Amaipereka pa diripi sabata iliyonse moyo wonse. Imachepetsa mavuto koma sichiza, silowa bwino mu ubongo, ndipo mtengo wake ndi madola a ku America mazanamazana a zikwi pa chaka. Ana a Hurler amathanso kuikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina akadali aang'ono kwambiri. Kwa banja la ku Zalewa zonsezi zili kutali zedi.

Komabe dzina lolembedwa bwino limathandiza ngakhale pomwe mankhwala odulawo palibe, ndipo ichi ndiye chomwe chatikakamiza kulemba nkhaniyi. Ana a MPS kawirikawiri amafunika opaleshoni, ya mchombo, ya chotupa cha m'mphechepeche, ya pakhosi. Kwa mwana wina aliyense ndi opaleshoni yaing'ono. Kwa iwo ndi yoopsa, chifukwa njira ya mpweya ndi yopapatiza, lilime lalikulu, ndipo ena, makamaka a Morquio, mafupa a pamwamba pa khosi ndi osakhazikika, moti kupinda mutu mosasamala kukhoza kuvulaza mtsempha wa msana. Wogoneka odwala akawerenga MPS m'buku mwana asanalowe, amakonzekera mwapadera kapena kumutumiza ku chipatala chachikulu. Akapanda kuona, amadziwa mwana ali kale patebulo.

Choncho buku la kuchipatala lija, lomwe timalisunga pansi pa mphasa mpaka chiswe kulidya, ndi chuma. Likadzaza, musataye lakale, lisokereni ku latsopano. Lijambuleni pa foni. Dokotala akatchula dzina la matenda, mupempheni mwaulemu alilembe momveka pa tsamba loyamba, ndi nambala yake ngati aidziwa. Abale athu ambiri amadutsa pa mphambano yathuyi kulowera ku Mwanza, Tete mpaka ku Joni, ndipo ana amabwerera kudzakhala ndi agogo. Mwana akamabwera, mapepala ake abwere naye. Ku South Africa manambala a ICD-10 ndi okakamiza pa mapepala olipiritsa ma medical aid kuyambira 2005, choncho sizachilendo kuwaona pa zikalata za kumeneko. Mukadzaona nambala yoyamba ndi 5C56.3 musadabwe, ndi MPS yomweyo m'buku latsopano la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022.

Kwathu kuno njira imayambira pa chipatala chathu chaching'ono cha Zalewa, kupita ku Lisungwi kapena ku Neno boma. Zipatala ziwirizi zili ndi makiliniki a matenda okhalitsa ovuta monga shuga wa ana, sickle cell ndi matenda a mtima, omwe boma limayendetsa mothandizana ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, bungwe lomwe lili m'boma lino kuyambira 2007. Kuchoka apo ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe ambiri timati ku Gulupu, komwe kuli madokotala a ana. Kuunika mtima, kuyeza makutu, mafizo a mfundo zouma, kuchiza chibayo msanga, zonsezi zimawonjezera mwana masiku abwino.

Pali mbali inanso yomwe ikukhudza komiti ya mzikiti. Boma limagula mankhwala ndi kuphunzitsa anthu potengera zomwe zawerengedwa. Mwana wa MPS akalembedwa kuti chibayo ulendo uliwonse, ndipo atamwalira n'kulembedwanso chibayo, m'mabuku a dziko matendawa amaoneka ngati kulibe. Malamulo a ICD amati pa chikalata cha imfa chowerengedwa ndi matenda omwe anayambitsa zonse, osati omalizira okha. Ife Asilamu timaika maliro mwachangu, ndipo potanganidwa ndi janaza mapepala amaiwalika. Komiti ikhoza kusankha munthu mmodzi woti pa maliro aliwonse azikumbutsa banja kutenga chikalata cha kuchipatala ndi kukalembetsa imfa ku NRB. Sizichedwetsa maliro, ndipo mng'ono wa malemuyo akadzayamba kuonetsa zizindikiro zomwezo, dokotala adzakhala ndi poyambira.

Kwa ophunzira a Fomu 3 ndi 4 okonda Biology ndi kompyuta, dziwani kuti kusandutsa zolemba za dokotala kukhala manambala amenewa ndi ntchito yomwe anthu amaphunzira n'kulembedwa. Lamulo lake loyamba ndi la kukhulupirika: umalemba zomwe dokotala watsimikiza, osati zomwe iwe ukuganiza.

Agogo aja anaimba foni ku Joni usiku womwewo. Mwana wawo anabwerera kuchipatala ndi funso limodzi lolembedwa pa kapepala, loti ndi MPS ya mtundu uti. Magazi anatengedwa, ndipo banja likudikira zotsatira. Pakadali pano agogowo ayamba kufunsa azilongo awo za ana a m'banjamo omwe anamwalira kale ali aang'ono, ndipo mayina akuwalemba m'kope.