Ntchito Yokonza Mapulani a Mizinda

Makolo anzanga, mwana akati akufuna udotolo timasangalala. Nanga ndi angati mwa ife amene amadziwa za ntchito yokonza mapulani a mizinda? Katswiri wake ndiye amalinganiza podutsa misewu ndi ngalande, ndiponso poika msika, sukulu, mzikiti ndi manda. Amaletsanso kumanga pamalo angozi.

Ntchitoyi imapulumutsa miyoyo. Mu 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba za m'mbali mwa phiri la Soche ku Blantyre, anthu ambiri n'kufa. Mu 2024 nyanja yathu inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi.

Maphunziro ake amapezeka ku MUBAS ndi ku Mzuzu University. Ngati mwana wanu amakonda jogalafe ndi masamu, mulimbikitseni kuti akhoze bwino MSCE. Mawa ndiye adzatilozera pomanga.