Kusankha batire la tochi m'misika ya Lusaka

Tochi za masiku ano ndi zazing'ono koma zimawala kuposa zija zakale zodya mabatire akuluakulu awiri kapena atatu. Mphamvu yake yagona pa kababu ka LED ndi batire la lithium lotha kutchajidwa. Kababuko sikavutavuta. Chimene chimakhumudwitsa anthu ambiri ndi batire, chifukwa manambala olembedwa pachikutiro chake nthawi zambiri sagwirizana ndi zimene zili m'kati.

Mu Lusaka nkhaniyi inakula m'chaka cha 2024. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka la chilala. Madzi a m'damu la Kariba anatsika mpaka makina a Kariba North Bank, omwe amatha kupanga mamegawati 1,080, anatsala pang'ono kuimiratu. Popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, pofika September kampani ya ZESCO inkathimitsa magetsi mpaka maola 21 patsiku m'madera ambiri. Amene anali ndi ndalama, makamaka ku Kabulonga ndi Woodlands, anaika masola ndi majenereta. Mabanja ambiri a m'mafulati a ku Kabwata ndi m'nyumba za ku Chelstone ankadalira tochi pophika, posamba ndiponso ana akamawerenga, ndipo malonda a matochi ndi mabatire anayenda kwambiri ku Kamwala, ku City Market ndi m'mashopu a m'mbali mwa Cairo Road, Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road.

Choyamba kudziwa ndi kukula kwa batire, ndipo dzina lake limanena kale. Batire la 18650, lomwe ndi lofala kwambiri, ndi la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. La 21700 ndi lonenepa ndi lalitali pang'ono. La 14500 ndi lofanana msinkhu ndi batire wamba la AA, la 10440 limafanana ndi la AAA, pamene la 16340 ndi lalifupi lojintcha. Pa kufanana msinkhuku ndi pamene pali ngozi. Batire wamba la AA limapereka mavolti 1.5, koma la 14500 limapereka 3.7, ndipo likangotuluka pa tchaja limakhala pa 4.2. Likalowa m'tochi yopangidwira AA, tochiyo imawala modabwitsa kwa kamphindi kenako n'kupsa. Ena amaika awiri kapena atatu motsatizana, n'kumadabwa kuti tochi yatsopano yafa tsiku lomwelo. Tochi ya AA imene sinalembedwe kuti imalola 14500 imafuna mabatire a NiMH a mavolti 1.2, kapena mtundu wina wa lithium umene uli ndi kachipangizo m'kati kotsitsa mphamvu kufika pa 1.5.

Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu pa zonse, ndi kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, womwe amaulemba ndi zilembo za mAh. Apa pali malire amene sayansi ya lero sinawadumphe kwenikweni. Makampani odziwika opanga mabatirewa, monga Panasonic, Samsung SDI, LG, Molicel ndi Murata, imene inagula gawo la mabatire la Sony mu 2017, amafika pafupifupi 3,500 mAh pa batire la 18650. Zitsanzo ndi Samsung 35E, LG MJ1 ndi NCR18650GA ya Panasonic. Mabatire ambiri abwino a 21700 amakhala pa 5,000, a 14500 amazungulira pa 800 mpaka 1,000, a 10440 pa 350 basi. Komabe pa matebulo a ogulitsa pamapezeka mabatire a 18650 ovala zikutiro zowala, zofiira kapena zagolide, zolembedwa 6,800, 8,800 ngakhale 9,900 mAh. Nambala yotere siingatheke m'kachitini ka mamilimita 65. Mabatire oterewa akayesedwa pa tchaja yowerengera moto, ambiri safika n'komwe pa 1,000. Choncho nambala yaikulu kwambiri iyenera kuthamangitsa wogula, ngakhale kuti ndi imene ambiri amathamangira.

Chinyengochi chimagwidwa mosavuta ndi sikelo. Batire lenileni la 18650 limalemera magalamu 45 mpaka 50, chifukwa m'kati mwake muli timapepala ta mkuwa ndi aluminiyamu topakidwa mankhwala, tokulungidwa mothinana mpaka kachitiniko kudzaza. Labodza limapepuka, mwina magalamu 25 kapena 30, pakuti timapepalato ndi tochepa ndipo pakati pali mphako. Kasikelo ka kukhitchini kamakwanira. Ngakhale popanda sikelo, munthu akanyamula lenileni m'dzanja limodzi ndi lokayikitsa m'dzanja lina, kusiyana kumamveka. Ndi chanzerunso kudziwa kuti mabatire a makampani aakulu aja saoneka okongola: chikutiro chake chimakhala cha mtundu umodzi, chobiriwira, chapinki kapena chofiira, ndi timalemba tating'ono ta fakitale, popanda zithunzi za mphezi kapena malawi.

Pali gulu lina lovuta kuligamula, lomwe ndi mabatire ochotsedwa m'malaputopu akale. Batire la laputopu yachikale limakhala ndi ma 18650 angapo m'kati, kawirikawiri 6, ndipo limodzi likafa ena amakhala adakali ndi moyo. Okonza makompyuta ndi mafoni, monga a m'dera la Katondo Street, amadziwa zimenezi. Batire lotere limadziwika ndi timadontho tinayi kapena tiwiri kumutu ndi kumatako kwake, pomwe panali powotcherera kachitsulo kolumikizira. Lakale la Samsung kapena Sanyo limatha kuposa latsopano labodza, ndipo kuligwiritsanso ntchito si kulakwa malinga wogulitsa anene zoona za komwe lachokera. Cholakwika ndi kuliveka chikutiro chatsopano n'kuligulitsa pa mtengo wa latsopano. Wogula amene ali ndi mita yoyezera angapemphe kuti aliyese pomwepo. Batire limene lagona nthawi yaitali pansi pa mavolti 2.5 lingakhale lowonongeka m'kati ndipo si lofunika kulitchajanso.

Mabatire ena amabwera ndi kabolodi kotetezera kumatako, komwe kamadula moto batire likadzaza mopitirira, likatha mopitirira kapena pakachitika shoti. Kabolodiko kamatalikitsa batire kufika pa mamilimita 68 kapena 70, moti m'matochi ena chitseko cha kumbuyo sichitsekeka. Matochi abwino amazima okha batire likatsika, ndipo amenewa safuna kwenikweni chitetezo chachiwiri. Matochi otchipa alibe nzeru imeneyi, amangoyamwa mpaka batire litauma, ndipo pa iwo batire lotetezedwa ndi loyenera mtengo wake wowonjezera, makamaka m'nyumba momwe ana amaiwala kuzimitsa. Mutu wa batire nawonso umasiyana: lina ndi lafulati, lina lili ndi kanchonyo. Matochi ena sayaka ndi lafulati chifukwa silikhudza pokhudzira, n'chifukwa chake kupita ndi tochiyo kokagula kumapewetsa ulendo wachiwiri wa m'tauni.

Mabatire opereka moto wambiri nthawi imodzi, monga Samsung 30Q ndi Murata VTC6 a 3,000 mAh, anapangidwira madirilo ndi matochi amphamvu kwambiri. Tochi ya panyumba siwafuna. Imafuna batire lokhalitsa, ndipo la 3,500 mAh limasunga mphamvu yokwana kuyatsa nyali ya wati imodzi kwa maola oposa 10.

Tchaja ndi theka la nkhani yonse, ndipo mu Lusaka ili ndi mbali imene mabuku a kunja satchula. Tchaja ya 500 mA imatenga maola 7 kapena 8 kudzaza batire la 3,500 mAh. Ya ampeya imodzi imatenga pafupifupi maola 4. Nthawi imene magetsi ankabwera maola atatu okha, mwinanso pakati pa usiku, tchaja yofooka sinkadzaza batire, ndipo ambiri ankaganiza kuti vuto ndi batire. Tchaja yoyendera USB ili ndi ubwino woti imagwiranso ku sola, m'galimoto kapena pa power bank. Iyenera kukhala yodula yokha pa mavolti 4.2 ndiponso yotchaja batire lililonse palokha. Kumbali ina, tibatire ting'onoting'ono ta 10440 ndi 14500 timafuna moto wochepa, ndipo tchaja yamphamvu imatifupikitsira moyo. Kusiya batire pa tchaja m'soketi n'kukagona kudikira magetsi ndi chizolowezi chomveka koma choopsa, makamaka tchajayo ikakhala pa matilesi kapena pafupi ndi makatani.

Batire labwino limatchajidwa maulendo 300 mpaka 500 lisanayambe kufooka moonekera. Kutentha kumachepetsa nambalayi. Mwezi wa October, pamene Lusaka imadutsa madigiri 30, tochi yosiyidwa padashibodi ya galimoto kapena pawindo imakalambitsa batire lake msanga. Batire lapadera losungira mtsogolo limakhala bwino likadzazidwa theka n'kuikidwa m'kabokosi ka pulasitiki. M'thumba momwe muli makiyi ndi ndalama zachitsulo siloyenera kulowamo, chifukwa kachitini konse ka batireli ndi mbali ya negativu, ndipo chikutiro chikang'ambika pafupi ndi mutu, kapena kamphete koyera kozungulira mutuwo kakachoka, chitsulo chilichonse chingachititse shoti n'kuyatsa moto wovuta kuzimitsa.

Batire limene latupa, laphwanyika, lachita dzimbiri kapena limatentha kwambiri potchaja lafika pamapeto. M'madera ambiri a Lusaka zinyalala zimawotchedwa kuseri kwa nyumba kapena m'dzenje, ndipo batire la lithium likaponyedwa pamoto limaphulika n'kutulutsa utsi wapoizoni. Lotere limamatidwa tepi mbali zonse ziwiri, n'kusungidwa padera pamalo ouma mpaka litaperekedwa kwa otolera zinyalala za zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha bungwe loona za chilengedwe la ZEMA.