Alendo pa Phiri la Mulanje: phindu lake ndi mavuto ake

Phiri la Mulanje lili m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, kufupi ndi malire a Mozambique. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibenso malo okwera kuposa pamenepa. Boma la atsamunda linaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo olemekezeka padziko lonse, potengera chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalitenga ngati mokhala mizimu ya makolo awo. Ulemu woterewu umaitana alendo, choncho nkofunika kuona bwino mmene ntchito yokopa alendo ikuyendera paphirili ndi zimene zingaipititse patsogolo popanda kuliwononga.

Alendo ambiri amayambira ulendo wawo ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Kumeneko amalipira polowera, napeza munthu wowatsogolera ndi anyamata owanyamulira katundu. Pamwamba pali tinyumba togona apaulendo, monga ta ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Chisepo. Pa kanyumba kalikonse pamakhala mlonda amene amasonkha moto ndi kutunga madzi, koma chakudya ndi zofunda mlendo amabwera nazo yekha. Ofuna kufika pa Sapitwa kawirikawiri amagona ku Chisepo ndi kulawirira m'mamawa, chifukwa njira yake ndi ya miyala ikuluikulu, ndipo pena munthu amachita kukwawa.

Ubwino wa ulendo wamtunduwu ndi wakuti ndalama imalowa m'thumba la munthu wam'mudzi tsiku lomwelo. Wotsogolera alendo akatsika m'phiri amagula chimanga, feteleza kapena kulipira fizi ya mwana. Amayi ogulitsa nthochi, nanazi ndi mapeyala m'misika ya mmunsi nawonso amapezapo kangachepe, chimodzimodzi eni malo ogona alendo ndi akabaza. Chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wothamanga wa Porters Race, umene unayambira pa onyamula katundu ndipo lero umakoka othamanga ochokera kutali. Chosangalatsanso nchakuti Amalawi eniake ayamba kukonda kukwera mapiri. Magulu a ana asukulu, achinyamata a m'mipingo ndi ogwira ntchito m'makampani amapezeka pa Dziwe la Nkhalamba, m'phirimu, pafupifupi sabata iliyonse. Alendo a m'dziko momwemuno ndiwo odalirika, chifukwa akunja amatha kusiya kubwera mwadzidzidzi monga zinachitikira nthawi ya Covid-19.

Koma walira mvula walira matope. Pamene pamadutsa anthu ambiri pamatsala mabotolo ndi majumbo, njira zimakumbika, ndipo nkhuni zowothera m'tinyumba tija zimachokera m'nkhalango yomweyo. Ngakhale zili choncho, alendo si amene awononga kwambiri phirili. Chiwonongeko chachikulu chachokera ku macheka, ku ng'anjo za makala ndi ku moto wolusa umene osaka nyama amayatsa m'chilimwe.

Nkhani ya mkungudza ndiyo yomvetsa chisoni koposa. Mtengowu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha. Matabwa ake ndi onunkhira, sadyedwa ndi chiswe, ndipo amagulidwa pamtengo wokwera. Kwa zaka zambiri anthu akhala akucheka mitengoyi mozemba ndi kutsika nayo m'phiri atasenza matabwa pamutu, mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa ndi kuwoka mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono ndipo mbande sizipirira moto. Apa mlendo nayenso ali ndi mbali yake: timabokosi ndi ndodo zosema zimene amagula ngati chikumbutso nthawi zambiri zimakhala za mkungudza womwewo.

Wocheka matabwa ndi wonyamula katundu wa alendo kawirikawiri amachokera m'midzi imodzimodzi, mwinanso ndi munthu mmodzi yemweyo. Alendo amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka October. Dzinja likafika ntchito imasowa, pomwe ndi nthawi imene njala imavuta pakhomo. Mnyamata amene wakhala milungu ingapo pachipata osapeza mlendo sangauzidwe kuti asamale nkhalango ali ndi njala. Komanso gawo lalikulu la ndalama zimene alendo akunja amalipira limatsalira kwa makampani okonza maulendo a m'mizinda, ndipo wosenza chikwama cholemera, nthawi zina atavala nkhwaira, ndiye amalandira zochepa. Pokhapokha phiri lamoyo litamapatsa anthu amenewa zambiri kuposa phiri lodulidwa, malamulo okha sangathandize.

Chitetezo cha alendo ndi nkhani inanso. Nyengo yapaphiri imasintha mosayembekezeka, makamaka chiperoni chikabwera ndi nkhungu ndi kuzizira koopsa. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa paphirili, ndipo mu 2009 wina wa ku Brazil anamwalira atapitirira yekha ulendo wa ku Sapitwa. Nchifukwa chake kukwera popanda wotsogolera nkuika moyo pachiswe, ndipo otsogolerawo amafunika maphunziro a chithandizo choyamba ndi zipangizo zolumikizirana.

Mvula yamkuntho nayo yasonyeza kuti phirili si lolimba monga limaonekera. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, anthu ambiri anafa, milatho ndi njira zinakokoloka. Akuluakulu a ku Phalombe anakumbukira napolo wa mu 1991. Malo otsetsereka akakhala opanda mitengo, madzi amatsika ndi ukali woposa.

Pomaliza pali nkhani ya migodi. Ku Lichenya kuli miyala ya bauxite imene amapangira aluminiyamu, ndipo maganizo oikumba akhala akubwerabwera kwa zaka zambiri. Komatu m'phiri lomweli ndimo mumachokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Lichenya, imene imamwetsa midzi, kuthirira minda ya tiyi, kupukusa magetsi, ndipo madzi a Likhubula amafika mpaka ku Blantyre. Mgodi umatha miyala ikatha, pamene madzi ndi alendo zingathandize mibadwo yambiri. Boma siliyenera kulola mgodi pamwamba pa Mulanje, ndipo gawo lodziwika bwino la ndalama zolowera paphirili lizipita poyera ku midzi yolizungulira.