Dzino Loika ndi Umboni wa Mayunivesite Ambiri

M'chaka cha 1952, mumzinda wa Lund ku Sweden, wachinyamata wina dzina lake Per-Ingvar Brånemark, amene sanali wa mano konse koma wofufuza kayendedwe ka magazi m'kati mwa mafupa, analowetsa kachipangizo ka chitsulo chotchedwa titanium m'fupa la mwendo wa kalulu. Ndipo itakwana nthawi yoti akachotse, anapeza kuti fupa lamera ndi kukakamira chitsulocho kolimba, kotero kuti kukazula kunakanika. Pofika 1965 anali ku Gothenburg, kumene anaika tizitsulo tinayi m'nsagwada ya m'munsi ya bambo wina, ndipo bamboyo anatafunira mano omangidwa pa tizitsuloto kufikira imfa yake mu 2006.

Wina angayese kuti dziko lonse linaomba m'manja pomwepo, komatu sizinatero, pakuti mwa akatswiri a sayansi mlandu suweruzidwa pa mawu a mboni imodzi, ngakhale mboniyo ikhale yanzeru chotani. Madokotala a mano a ku Sweden komweko anamukayikira Brånemark zaka zambiri, kufikira akuluakulu a zaumoyo anatuma aphunzitsi atatu a yunivesite ya Umeå kuti akaone odwala ake ndi maso awo. Ku Bern, m'dziko la Switzerland, André Schroeder, akugwira ntchito payekha, anaonetsa mu 1976 kuti fupa limakhudzanadi ndi titanium popanda mnofu pakati. Pambuyo pake George Zarb wa ku yunivesite ya Toronto, ataphunzira njirayo ku Gothenburg ndi kuiyesa pa odwala a ku Canada, anaitanitsa msonkhano mu 1982, ndipo kuyambira pamenepo masukulu a mano a ku America anayamba kuiphunzitsa. Kuchokera pa kalulu uja kufika pa msonkhanowo panapita zaka 30.

Masiku ano zimene anthu aja ankachita mwa makalata ndi maulendo zili ndi dongosolo lake. Akuluakulu a mayunivesite amasainirana pangano lonena amene adzasunge ndalama, amene adzasunge zolembedwa za odwala, ndi mwini wa luso limene lingatulukepo ngati lidzagulitsidwe. Nkhani yomalizayi ndiyo imachedwetsa mapangano ambiri, chifukwa mano oika ndi malonda aakulu. Ndalama zimachokera ku misonkho ya anthu, monga thumba la Horizon Europe, limene nthawi zambiri limafuna kuti opempha akhale mabungwe atatu a m'mayiko atatu osiyana. Zimachokeranso ku mabungwe ngati International Team for Implantology, lokhazikitsidwa mu 1980, ndi Osteology Foundation ya ku Lucerne, yoyambika mu 2003, onse awiri okhala pa ubale ndi makampani opanga zipangizo zomwezo. Ubale woterowo si tchimo pawokha, koma n'chifukwa chake wofufuza aliyense ayenera kuulula poyera amene anam'patsa ndalama. Nako kwathu kuno pangano la mtundu womwewo, la yunivesite ya Glasgow ndi College of Medicine ya ku Blantyre, mothandizidwa ndi boma la Scotland, ndilo linatsegula maphunziro oyamba a udokotala wa mano mu 2019, ngakhale kuti cholinga chake chinali kuphunzitsa, osati kufufuza za mano oika.

Munthu asanakhudzidwe ndi mpeni, komiti yoona za chilungamo cha kafukufuku m'dziko lililonse iyenera kuvomereza payokha, motsata mfundo za Declaration of Helsinki ya 1964. Chilolezo cha ku Bern sichigwira ntchito ku Toronto. Wodwala, atauzidwa m'chinenero chake zabwino ndi zoopsa zomwe, ali ndi ufulu wokana, ndiponso wotuluka pakati pa ulendo popanda kumanidwa chithandizo. Kuyambira 2005, magazini akuluakulu a zamankhwala salandira zotsatira za kuyesa kumene sikunalembetsedwe m'kaundula wapoyera kusanayambe, kuti pasakhale wobisa zimene zinam'kanika ndi kuonetsa zokoma zokhazokha.

Koma kumene kugwirizana kumeneku kwaonekera bwino ndi pa nkhani ya kumeretsa fupa. Dzino likazulidwa, fupa limene linaligwira limayamba kufota, makamaka m'miyezi yoyambirira, moti pakapita zaka sipakhalanso poti kachitsulo n'kugwira. Ndipo pabala paja mnofu wa nkhama, pokhala wofulumira kukula, umadzaza malo fupa lisanafike. Sture Nyman ndi Jan Lindhe a ku Gothenburg, pamodzi ndi Thorkild Karring wa ku Aarhus m'dziko la Denmark, anaganiza zotchinga mnofuwo ndi kanembanemba kopyapyala, monga mlimi atchingira nazale kuti udzu ndi mbuzi zisapondereze mbande, ndipo mu 1988 Christer Dahlin anaonetsa pa nsagwada za makoswe kuti pansi pa chotchingacho fupa limameradi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Brånemark mwini ankadikira miyezi itatu pa nsagwada ya m'munsi, ndi isanu ndi umodzi pa ya m'mwamba, asanamangepo dzino.

Zotsatira zikalembedwa zimapita kwa akatswiri ena, kawirikawiri a kudziko lina ndi osatchulidwa maina, kuti azifunefune zolakwa; ndipo wofufuza wanzeru sakwiya nawo, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pofuna kuti onse ayeze ndi muyeso umodzi, Tomas Albrektsson wa ku Gothenburg, Zarb ndi anzawo analemba mu 1986 kuti kachitsulo kopambana ndi kosagwedera, kosapweteka, kamene fupa lozungulira silitha mopitirira mamilimita 0.2 pachaka, chaka choyamba chitapita. Muyesowo wakhala ukukonzedwa, pakuti zinadziwika kuti nkhama ndi fupa zozungulira dzino loika nazonso zimadwala. Mwa ichi mu 2017 mabungwe a akatswiri a nkhama a ku Ulaya ndi ku America anakumana ku Chicago, kumene anagwirizana za dzina ndi zizindikiro za nthendayo, kuti chimene dokotala wa ku São Paulo achitcha matenda, wa ku Bern asachitche thanzi.